Mmene Mungayendetsere Bizinesi ya Zidindo Zosema Pamanja pa Intaneti

Chidindo chopangidwa pa oda chimakhala ndi wogula mmodzi yekha. Wosoka zikwama akasokera ulusi wa mtundu umene kasitomala sanaufune, chikwamacho chimapezabe wina wochikonda, koma chidindo cholembedwa dzina la munthu, adiresi yake kapena chizindikiro cha bizinesi yake chikalakwika chilembo chimodzi chokha, palibenso amene angachigule, ndipo mphira, nthawi ndi ndalama zotumizira zimakhala zalowa m'madzi. N'chifukwa chake malangizo awa akutsindika kwambiri zimene ziyenera kuchitika mpeni usanakhudze mphira, pakuti phindu la bizinesi imeneyi limatetezedwa kapena kutayika pa nthawi imeneyo.

Sankhani njira imodzi yopangira

Njira zodziwika zopangira zidindo ndi zitatu. Yoyamba ndi kusema pamanja pa mphira yofewa yopangidwira ntchito imeneyi, monga Speedy-Carve ya kampani ya Speedball, kapena pa linoleum amene ndi wolimbirapo, pogwiritsa ntchito timipeni ta milomo yooneka ngati chilembo V ndi U. Yachiwiri ndi ya photopolymer, amene ndi madzi okhuthala omwe amalimba akawalitsidwa ndi kuwala kwa UV kudzera pa pepala loonekera losindikizidwa chithunzicho, ndipo malo amene kuwalako sikunafike amatsukidwa n'kuchoka. Yachitatu ndi yogoba mphira ndi makina a laser.

Kwa munthu amene akungoyamba kumene, kusema pamanja ndiye njira yabwino, osati chifukwa cha kuchepa kwa mpamba kokha, komanso chifukwa ndi pokhapo pamene wogulitsa wamng'ono amakhala ndi chinthu chimene makampani akuluakulu alibe. Makampani a Trodat, amene anayamba mu 1912, ndi Colop, onse a mumzinda wa Wels ku Austria, amapanga zidindo zodzipaka zokha inki zimene zimapezeka m'maofesi a m'mayiko ambiri, ndipo masitolo okhala ndi makina amangoikapo mawu m'mphindi zochepa. Kulimbana nawo pa zidindo za deti ndi za malisiti n'kudzitopetsa chabe. Anthu amene amafunafuna chidindo chosema pamanja amafuna kuti chioneke kuti chadutsa m'dzanja la munthu. Ngati mtsogolo mudzagula makina a laser, musadzanenenso kuti zidindo zanu n'zosema pamanja, ndipo musadzaikemo chilichonse chopangidwa ndi pulasitiki ya mtundu wa PVC, chifukwa ikapsa imatulutsa mpweya wokhala ndi chlorine umene umawononga mapapo ndi makina omwe.

Musanalengeze kuti mwayamba kulandira maoda, dziwani malire a dzanja lanu. Lembani mawu amodzi pa milingo yosiyanasiyana, zilembo zotalika mamilimita 10, kenako 7, kenako 5, kenako 4, ndipo museme zonsezo n'kuzidinda pa pepala. Pamene mwayamba kuona timabowo ta m'kati mwa a ndi e tikudzaza inki, kapena mchira wa g ukuduka, pamenepo ndi pamene muyenera kulekezera, ndipo mlingo umenewo muulembe poonekera kwa ogula. Kenako sankhani mitundu yochepa ya zimene muzigulitsa, kaya ndi zidindo za dzina zodinda m'mabuku, za adiresi, za aphunzitsi, za pa makadi a ukwati kapena za chizindikiro chodinda pa mapepala okutira katundu, ndipo makulidwe ake akhale atatu kapena anayi okha, kuti matabwa ogwirira ndi timakatoni totumizira muzikonzeratu zambiri nthawi imodzi.

Kulandira oda

Gawo ili ndilo lofunika kuposa onse, ndipo ndi limene ambiri amalichita mothamanga. Kasitomala aliyense afunsidwe mafunso ofanana, olembedwa kale: mawu enieni amene akufuna, kukula kwa chidindo mu mamilimita, chinthu chimene azidindapo, ndi tsiku limene akuchifuna m'manja mwake. Mawuwo alembe yekha mu uthenga, osati kutchula pa foni, ndipo inuyo muwakopere mmene alili n'kuwaika pa chithunzi chanu popanda kuwatayipanso, chifukwa zala zimakonda kuwongola dzina lachilendo kuti lifanane ndi limene zinazolowera. Samalani ndi zilembo zokhala ndi timizere pamwamba monga ŵ, é ndi ñ, komanso kachizindikiro kamene kali m'mawu ngati ng'ombe, pakuti masitayilo ena a zilembo a pa kompyuta alibe zimenezi ndipo amazisintha mwakachetechete.

Ngati kasitomala ali ndi chizindikiro chakechake, mupempheni fayilo ya mtundu wa SVG kapena PDF imene sisokonekera ikakulitsidwa. Akakhala kuti ali ndi chithunzi chokha, chikhale cha madontho osachepera 300 pa inchi, ndipo ngati akutumiza pa WhatsApp achitumize ngati dokyumenti, chifukwa chikatumizidwa ngati chithunzi wamba chimachepetsedwa ndipo m'mbali mwa zilembo mumachita mbuu. Pulogalamu ya Inkscape, imene ndi yaulere, imatha kusandutsa chithunzi chotero kukhala mizere yooneka bwino. Mfundo imene ogula ambiri saidziwa, ndipo muyenera kuwafotokozera koyambirira, ndi yakuti chidindo chimadziwa zinthu ziwiri zokha, pamene pali inki ndi pamene palibe. Mitundu yambiri, mthunzi wotuwa ndi kuwala kopita kukuchepa sizituluka, choncho chizindikiro chokongola pa foni chingafunike kuchiphweketsa, ndipo mwini wake ayenera kuvomereza kuphweketsako asanalipire.

Mukamaliza kukonza chithunzicho, mutumizireni kasitomala kuti achione pa kukula kwake kwenikweni. Chithunzi chodzaza sikirini ya foni chimanyenga, ndipo munthu amene anavomera chidindo cha masentimita 3 amadabwa akalandira kanthu kochepera chala chake chachikulu. Njira yabwino ndi kuchisindikiza pa pepala, kuika rula pambali pake, n'kujambula. Mupempheni awerenge dzina, manambala a foni ndi deti chilembo chimodzichimodzi, ndipo ayankhe molemba kuti wavomereza. Yankho la kachithunzi ka chala chachikulu si lokwanira, pemphani mawu. Inunso muwerenge kuyambira kumapeto kubwerera koyambirira, chifukwa maso akamawerenga mwa nthawi zonse amaona zimene akuyembekezera kuona. Nenani poyera kuti mtengo ukuphatikiza kusintha kawiri kokha, ndipo kusintha kwina kulikonse kuli ndi malipiro ake, apo ayi mudzapezeka mwatha sabata mukusuntha duwa limodzi kumanzere ndi kumanja.

Musaseme musanalandire ndalama. Pa katundu amene sangagulitsidwenso kwa wina, kulipiriratu zonse n'koyenera, ndipo pa oda yaikulu dipoziti ikhale yokwanira kubweza zipangizo ndi nthawi yojambula ngati wogula atasowa.

Pali maoda ena amene muyenera kuwakana ngakhale ndalama yake itakhala yokopa. Chidindo cha ofesi ya boma, banki, sukulu, chipatala, khoti kapena loya chisapangidwe popanda kalata yotsimikizika yochokera kwa eni ake, chifukwa chidindo chabodza ndi chida chopangira zikalata zachinyengo, ndipo wochisema sangathawe mlandu ponena kuti anangotumidwa. Chidindo cha siginecha mupangire mwini siginechayo yekha, mutaona chiphaso chake. Zithunzi za m'makatuni otchuka, zizindikiro za matimu a mpira ndi za makampani ena zili ndi eni ake mwalamulo, ndipo misika ya pa intaneti imachotsa katundu wotero, nthawi zina n'kutseka sitolo yonse, eni ake akadandaula. Onetsetsaninso kuti masitayilo a zilembo amene mukugwiritsa ntchito ali ndi chilolezo chochitira malonda, pakuti ambiri amene amapezeka ulele amaloledwa pa ntchito za munthu payekha basi.

Kusema ndi kumata

Chidindo chimasemedwa chotembenuka ngati mmene zinthu zimaonekera pa kalilole. Njira yosavuta ndi kuika pepala loonekera pamwamba pa chithunzi chovomerezedwa, kutsatira mizere yake ndi pensulo yofewa ya 4B kapena 6B, kenako kuvundikira pepalalo pa mphira ndi kupaka kumbuyo kwake ndi msana wa supuni mpaka mizere itasamukira pa mphirapo. Kuvundikirako n'kumene kumatembenuza chithunzi, choncho musachitembenuzenso pa kompyuta, chifukwa kutembenuza kawiri kumachibwezera pamene chinali. Musanayambe kudula, imikani mphirayo kutsogolo kwa kalilole ndipo muwerenge. Zilembo ngati A, O ndi M sizisonyeza cholakwa, koma N, S, Z, b ndi d zimaulula nthawi yomweyo.

Yambani ndi kampeni kakang'ono ka V, kutsatira m'mbali mwa mizere mosazamitsa, ndipo pokhota muzizunguza mphira osati dzanja logwira mpeni. Dzanja linalo likhale kumbuyo kwa mpeni nthawi zonse. Dulani mopendekera kunja kuti mzere uliwonse ukhale wotambalala kumunsi ndi wopyapyala pamwamba, chifukwa mzere wodulidwa chamunsi umagwedera podinda ndipo suchedwa kuthyoka. Malo ovuta kwambiri, monga timabowo ta m'kati mwa zilembo, muyambirire kusema maso akadali akuthwa, kuti ngati pali polakwika palakwike musanathe maola ambiri. Malo aakulu opanda chojambula muchotse pomaliza ndi mpeni wa U. Mpeni wobuntha umang'amba mphira m'malo moidula, choncho muziunola pafupipafupi pa kachikopa kopakidwa mankhwala onolera.

Mukatha, dindani pa pepala loyera ndipo muyang'anitsitse. Mudzaona timizere ta inki tosafunika pamene mphira sinachotsedwe mokwanira. Ogula ena amatikonda chifukwa ndito timasonyeza dzanja la wosema, koma pa chidindo cha adiresi kapena chizindikiro cha bizinesi tichotsedwe tonse. Kenako matani mphirayo pa thabwa losalazidwa bwino ndi kupakidwa vanishi, ndipo pakati pake muikepo siponji yopyapyala yothandiza kuti mphamvu ya dzanja ifike paliponse mofanana. Pamwamba pa thabwa dindanipo chithunzi chomwecho, cholunjika mbali imodzi ndi mphira ya pansi, kuti wogula asamadinde chozondoka.

Muzinena zoona za kulimba kwa chidindo chanu. Mphira yofiira ya zidindo za m'maofesi imalimbitsidwa pa moto ndi sulufule, njira imene Charles Goodyear analembetsa mu 1844, ndipo imapirira ntchito ya tsiku ndi tsiku kuposa mphira yofewa yosema pamanja. Kasitomala amene akufuna kudinda makatoni ambirimbiri tsiku lililonse auzidwe zimenezi, ngakhale zitachititsa kuti akagule kwina.

Funso lija la chinthu chimene azidindapo limagwira ntchito posankha inki. Inki ya dye imalowerera m'pepala ndipo imauma msanga. Ya pigment ndi yokhuthala, imakhala pamwamba, imachedwa kuuma, ndipo imaoneka bwino pa mapepala akuda kapena abulauni. Pa pulasitiki, galasi ndi chitsulo pamafunika inki ya solvent monga StazOn, pamene pa nsalu pamafunika inki ya nsalu monga VersaCraft, imene imasitidwa ndi simbi kuti isachoke pochapa. Madandaulo ambiri onena kuti chidindo sichikugwira amakhala a inki yolakwika, ndipo mlandu wake umagwera wosema.

Kuika mtengo

Ambiri amawerengera mphira ndi thabwa n'kuiwala nthawi. Pa maoda oyambirira, lembani mphindi zimene mwathera pa chilichonse: kuyankha mauthenga, kukonza chithunzi, kusema, kumata, kujambula, kulongedza ndi kupita kukatumiza. Mudzapeza kuti nthawi zambiri kukambirana ndi kujambula kumadya nthawi yofanana ndi kusema kwenikweniko kapena kuposa. Dziikireni malipiro a pa ola, muwonjezere zipangizo, zokutira, kutha kwa timipeni, ndi kagawo kolipirira zidindo zimene zidzawonongeka m'manja mwanu, chifukwa zidzawonongeka ndithu. Pamwamba pake ikani zimene msika ndi njira yolipirira zimadula. Mwachitsanzo Etsy, msika wa zinthu zopangidwa pamanja umene unayamba mu 2005, kuyambira mu 2022 umatenga 6.5 peresenti pa malonda alionse kuphatikizapo ndalama yotumizira, kuwonjezera pa malipiro oikira katundu ndi a kulandira ndalama.

Mtengo uzitengera kuvuta kwa chithunzi, osati kukula kokha, pakuti kachidindo kakang'ono ka mizere itatu ya mawu kamatopetsa kuposa tsamba lalikulu la mtengo. Wofuna mwachangu alipire zowonjezera. Ndalama za bizinesi zikhale pa akaunti yakeyake, ndipo kulembetsa bizinesi ndi kukhoma msonkho muchite motsatira malamulo a dziko limene mukukhala.

Kuonetsa katundu

Yambani pamene ogula anu ali kale. Instagram ndi Facebook zimathandiza kuti ntchito ioneke, WhatsApp Business ili ndi malo oikapo katundu ndi mayankho okonzeratu, Etsy imabweretsa anthu amene akufunafuna kale zinthu zotere ngakhale si m'mayiko onse mmene wogulitsa amaloledwa kutsegula sitolo, ndipo tsamba lanulanu, monga la pa Shopify, lingadikire mpaka maoda atachuluka. Malo awiri osamalidwa bwino aposa asanu osayankhidwa.

Munthu sagula mphira ndi thabwa, amagula chimene chimatsala pa pepala. Choncho chithunzi choyamba chionetse chodindidwacho pa chinthu chenicheni, kaya ndi tsamba loyamba la buku kapena envelopu, chidindo chili pambali, chojambulidwa pafupi ndi windo masana. Chithunzi china chionetse chidindo chili m'dzanja kuti kukula kwake kudziwike. Kavidiyo kafupi ka pamene chidindo chikunyamulidwa pa pepala koyamba kamakopa anthu kwambiri. Koma musaike poyera adiresi, nambala ya foni kapena siginecha ya kasitomala. Pemphani chilolezo, kapena museme zitsanzo za mayina ongopeka.

Polemba za katundu, siyanitsani masiku opangira ndi masiku a ulendo wa katundu, ndipo nenani kuti kuwerenga masiku kumayamba pamene chithunzi chavomerezedwa, osati pamene ndalama yalipidwa. Dziwani chiwerengero cha zidindo zimene mungaseme bwino pa sabata, ndipo chikakwana mutseke maoda. Dzanja lotopa limaterereka, ndipo oda imodzi yochedwa pa tsiku la ukwati imabala mbiri yoipa imene imafafaniza ntchito zambiri zabwino.

Kutumiza ndi kuthetsa madandaulo

Nkhope ya chidindo itetezedwe ndi kapepala kolimba, ndipo chonsecho chilowe m'kakatoni kosaphwanyika, osati mu envelopu yofewa. Ikanimo pepala limene munadindapo poyesa, ndipo mulijambule musanatseke, kuti ukhale umboni wakuti chidindo chinachoka kwa inu chili bwino. Ikanimonso kakhadi kofotokoza kasamalidwe: kugunditsa inki pang'onopang'ono pa chidindo m'malo mochikanikiza, kudinda pa malo olimba ndi osalala popanda kugwedeza, kupukuta ndi kansalu konyowa, kusachiviika m'madzi chifukwa thabwa limatupa ndipo guluu amamasuka, ndi kuchisunga kutali ndi dzuwa. Tumizani m'njira yokhala ndi nambala yolondolera katundu.

Potumiza kunja kwa dziko kudzera pa positi, mudzalemba fomu ya kasitomu ya CN22 pa katundu wa mtengo wochepa kapena CN23 pa wa mtengo wokwera, ndipo zidindo za m'manja zili pa nambala 9611 mu ndondomeko ya HS imene mayiko amagwiritsa ntchito posanja katundu. Lembani mtengo weniweni ngakhale wogula atapempha kuti mulembe kuti ndi mphatso. Kuyambira pa 1 July 2021, katundu aliyense wamalonda wolowa m'mayiko a European Union amalipiridwa msonkho wa VAT ngakhale akhale wotchipa chotani, choncho wogula adziwiretu amene adzalipire. Inki ya solvent imayaka moto, ndipo onyamula katundu pa ndege ali ndi malamulo okhwima pa zinthu zotero, motero funsani kaye musanaiphatikize mu phukusi.

Lamulo lanu la kubweza katundu lilembedwe poonekera munthu asanalipire. Ngakhale malamulo oteteza ogula a European Union a mu 2011, amene amapatsa wogula pa intaneti masiku 14 obweza katundu atasintha maganizo, sakhudza katundu wopangidwa motsatira zofuna za munthu mmodzi. Komabe zimenezi sizikutetezani ngati cholakwa ndi chanu. Chidindo chikasiyana ndi chithunzi chimene chinavomerezedwa, kapena chikafika chowonongeka, semani china ulele ndipo mutumize pa ndalama zanu popanda kukangana. Ngati cholakwacho chinali kale pa chithunzi chimene kasitomala anavomereza molemba, muonetseni uthenga wake mwaulemu, ndipo mungamuchotsereko mtengo pa chachiwiri, popeza ntchito yojambula inachitika kale.

Pa oda iliyonse sungani fayilo yomaliza, uthenga wovomereza, chithunzi cha pepala loyesera ndi milingo yake, zonse pansi pa nambala imodzi ya oda. Eni mabizinesi ang'onoang'ono amabwereranso kudzafuna chidindo chomwecho pa kukula kwina, kapena china nambala ya foni ikasintha, ndipo oda yotero imatha msanga chifukwa zonse zili kale pamalo. Mafayilowa muwatseke ndi pasiwedi, muwasunge pa malo awiri osiyana, ndipo a siginecha muwafafanize chidindo chikangofika kwa mwini wake.